Manesi alipo, koma pa kiliniki nesi ndi mmodzi: zimene boma layesa kucita

Pa msonkhano wa akulu a mipingo mwezi watha, amai ena a ku cigawo ca Kum'mawa anafunsa funso limene tonse tinalephera kuliyankha mwacidule. Mwana wao anatsiriza maphunziro a unesi zaka zitatu zapitazo, dipuloma ali nayo, laisensi ali nayo, koma tsiku ndi tsiku akhala m'kabuthu ka ndalama za pa foni pa msika. Kumudzi kwao komweko, pa kiliniki pali nesi mmodzi cabe. M'mawa aona odwala, masana apima ana ku sikelo, usiku amugogodera kuti akathandize mai amene nthawi yake yakwana. Amaiwo anati, "Nanga ngati manesi asowa, wanga akhaliranji pa nyumba?" Abusa anandipempha kuti ndifufuze nkhaniyi ndi kuilemba muno, cifukwa mabanja ambiri m'mipingo yathu ali mbali zonse ziwiri: alipira ndalama za ku koleji, ndipo ndi iwo omwe aima pa mzere wa ku cipatala.

Coyamba cimene tifunika kumvetsa n'cakuti kusowa kwa anchito a zaumoyo kuli mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mankhwala ake. Pali kusowa kwa anthu ophunzira nchitoyo. Pali kusowa kwa ndalama zowalipira. Ndipo pali kusowa kwa anthu ofuna kukhala kumene afunika kwambiri. Zaka makumi awiri zapitazo vuto lalikulu linali loyamba lija. Lero, maka-maka kwa manesi, lakula ndi laciwiri.

Mu 2006 bungwe la World Health Organization linaika Zambia pakati pa maiko 57 amene anali pa vuto loopsa la kucepa kwa madokota, manesi ndi azamba. Pa nthawiyo Unduna wa Zaumoyo weniweniwo unali kunena kuti uli ndi pafupifupi theka cabe la anchito amene unafunika. Amene tinali akulu kale m'zaka za m'ma 1990 tikumbukira mmene zinafikira pamenepo. Boma linali kucepetsa anchito ake, ndipo manesi ambiri odziwa nchito analandira ndalama zosiyira nchito mwa kufuna kwao, ena n'kukwera ndeke kupita ku Britain, ena ku Botswana ndi ku South Africa. Matenda a Edzi nao sanasiye anchito a m'zipatala. Tinaika m'manda manesi ndi madokota amene anali kusamalira anzao dzulo lake. Sukulu yophunzitsa madokota inali imodzi yokha, ya pa University of Zambia, imene inayamba mu 1966.

Boma linayankha mwa kutsegula khomo la maphunziro. Mu 2011 Copperbelt University inayamba kuphunzitsa madokota ku Ndola. Mulungushi University inatsegula sukulu yake ya udokota ku Livingstone, ndipo Levy Mwanawasa Medical University ku Lusaka inatenga ndi koleji yakale ya Chainama. Anthu wamba nao analoledwa kutsegula makoleji a unesi ndi a makiliniko ofisa, ndipo anaculuka ngati bowa wa mu Disembala. Pa mbali iyi tinganene kuti njirayo inagwira nchito, mwina mopitirira. Caka ciliconse amatsiriza maphunziro anthu ambiri kuposa amene boma likwanitsa kulemba nchito.

Apa ndiye pali yankho la funso la amai aja. Cipatala ca boma sicingalembe nesi cifukwa cakuti odwala aculuka. Cipatala ciliconse cili ndi mndandanda wa malo a nchito ovomerezeka, umene m'maofesi amauchula kuti establishment. Koma malo kukhala pa mndandandawo sikutanthauza kuti pali ndalama yake. Kuti munthu alowe pa malowo, a Unduna wa Zandalama afunika kupereka cilolezo cakuti malipiro ake alimo mu bajeti, osati a mwezi umodzi, koma a caka ndi caka kufikira atapuma pa nchito. Conco mungapeze kiliniki imene pa pepala ifunika anthu asanu, pali mmodzi, ndipo anayi oyenera malowo akhala m'mudzi womwewo. Mkulu wa kiliniki sangacitepo kanthu. Ngakhale mkulu wa zaumoyo wa pa boma sangacitepo kanthu. Mfungulo ili ku Lusaka, ndipo si ku Unduna wa Zaumoyo kokha.

Ndalamazo zimapikisana ndi nkhongole za dziko. Mu 2001, pa msonkhano wa ku Abuja, atsogoleri a maiko a mu Africa analonjeza kupatula 15 peresenti ya bajeti kuti ipite ku zaumoyo. Zambia m'zaka zapitazi yakhala pansi pa mlingo umenewo. Mu Novembala 2020 dziko linalephera kulipira nkhongole yake ina ya kunja, ndipo mu 2021 madokota acinyamata anacita sitalaka ya kugwira nchito mwamphwayi, cimodzi mwa zodandaula zao cinali cakuti anzao mazana angapo anatsiriza maphunziro koma sanalembedwe nchito.

Mu 2022 munacitika cinthu cimene sitinacionepo kale. Boma linalemba anchito a zaumoyo 11,276 pa nthawi imodzi, caka comweco cimene linalemba aphunzitsi oposa 30,000. Ofunsira malowo anaposa 100,000. Makalata analandiridwa m'madisitirikiti, ndipo makomiti a kumeneko ndiwo anayamba kusankha, n'colinga cakuti anthu alembedwe kumene akagwire nchito. M'zaka zotsatira bajeti inalonjeza ena 3,000 mu 2023, 4,000 mu 2024, ndi 2,000 mu 2025. Kolera itabuka ku Lusaka kumapeto kwa 2023, bwalo la masewera la National Heroes Stadium n'kusanduka cipatala, acinyamata ambiri osalembedwa nchito anadzipereka kusamalira odwala, ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analamula kuti odziperekawo alembedwe.

Zimenezi n'zoyamikika, ndipo ndani angakane kuti makiliniki ena amene anali m'manja mwa wosesa ndi mlonda analandira nesi woyamba? Koma tiyeni ticite masamu pang'ono. Kalembera wa 2010 anapeza anthu 13 miliyoni m'dziko muno, wa 2022 anapeza 19.6 miliyoni. Ndiye kuti caka ciliconse tiwonjezeka ndi anthu oposa theka la miliyoni. Mlingo umene World Health Organization inaika mu 2016 ndi wa madokota, manesi ndi azamba 4.45 pa anthu 1,000 alionse. Pa mlingo umenewo, anthu ongowonjezekawo paokha afunika anchito atsopano pafupifupi 2,400 caka ciliconse, tisanawerenge opuma pa nchito, omwalira ndi opita kunja. Komanso ziwerengero za olembedwa zija ziphatikiza anchito a mitundu yonse, osati madokota ndi manesi okha. Mwa kuona kwanga, kulemba anthu 2,000 pa caka kuli ngati kutunga madzi m'bwato lobooka: n'kofunika ndithu, koma bwato silikwera.

Pali cina cimene cindivuta pa nkhani ya odzipereka. Kuyambira pamene zinaoneka kuti wodzipereka ndiye ayamba kuganiziridwa, acinyamata ambiri agwira nchito m'zipatala za boma miyezi, ena zaka, popanda malipiro, makolo ndiwo awapatsa ndalama ya basi. Mu 2025 bungwe la Resident Doctors Association of Zambia linafika polengeza kuti madokota odzipereka aleke kupita ku nchito. Ife a mpingo tidziwa bwino kukoma kwa kudzipereka, pakuti mipingo yathu iyenda ndi anthu osalipidwa. Koma kudzipereka kwa munthu amene afuna kutumikira n'kosiyana ndi kwa munthu amene aopa kuti akapanda kutero dzina lake lidzaiwalika. Ndipo mwana wa mlimi wosauka sangakwanitse kugwira nchito yaulere ku Lusaka caka cathunthu, conco njira imeneyi imathera pokondera a mabanja opeza bwino.

Kulemba munthu nchito ndi theka la ulendo. Theka lina ndi kumusunga kumene watumizidwa. Aliyense wa ku Chama, ku Lundazi kapena ku Shang'ombo adziwa nkhani ya nesi amene anafika mu Janyuwale, pofika Ogasiti wapeza transifa cifukwa ca cikwati kapena kalata ya dokota. Sindifuna kuwaweruza msanga. Tsiku lina ndinaperekeza abusa kukaona wodwala pa kiliniki ina ya kumudzi, ndipo tinapeza mzamba agona m'cipinda cosungiramo makatoni a mankhwala, cifukwa nyumba ya anchito inagwa denga. Madzi anali kutunga pa mjigo wa pa sukulu, foni anali kukachajira kwa mphunzitsi. Ana ake anawasiya kwa ambuye ao ku tauni. Munthu wotere akapempha transifa, tingamunene kuti alibe cikondi?

Boma linayesa kuthetsa vutoli ndi ndalama. Mu 2003, mothandizidwa ndi boma la Netherlands, linayambitsa Zambian Health Workers Retention Scheme. Madisitirikiti anagawidwa m'magulu anayi, kuyambira A wa m'tauni kufikira D wa kutali kwambiri. Dokota wovomera kukhala zaka zitatu ku malo ovuta anali kulandira ndalama yoonjezera pa malipiro, thandizo la ndalama za sukulu za ana ake, kukonzeredwa nyumba, nkhongole yogulira galimoto, ndi mwai wokapitiriza maphunziro akatsiriza pangano. Madisitirikiti ena amene analibe dokota wa Cizambia anamuona koyamba. Mu 2007 njirayo inafutukulidwa kuti ifike kwa manesi, makiliniko ofisa ndi aphunzitsi a m'makoleji a unesi. Kupatula apo, anchito a boma a kumidzi alandira alawansi ya 20 peresenti ya malipiro ao, ndipo a kumalo akutali kwambiri 25 peresenti.

Kodi ndalama zokha zisunga munthu? Ofufuza a pa University of Zambia ndi anzao a ku Canada anafunsa anchito a zaumoyo a ku Gwembe ndi ku Chibombo, ndipo zimene anapeza zinatuluka mu 2014. Anchitowo anavomera kuti ndalama yoonjezera ndiyo iwakoka koposa zina zonse. Koma ofufuzawo atayerekeza amene analandira zokopazo ndi amene sanalandire, sanapeze kusiyana kweni-kweni pa kukhutira ndi nchito kapena pa maganizo ofuna kucoka. Anamaliza ndi kunena kuti boma liyang'ane kakhalidwe ndi kagwiridwe ka nchito: nyumba, madzi, malaiti, mseu, sukulu ya ana, zipangizo. Alawansi singagule mnzako wosinthana naye usiku. Nesi amene ali yekha sapita ku maliro a mbale wake, sapita ku chalichi pa Sabata, sadwala. Kutopa kumeneko ndiko kumacotsa anthu.

Njira ina imene boma latsata ndi kugawa nchito ya dokota kwa anthu ena ophunzitsidwa bwino. Amene muwerenga Eksodo 18 mukumbukira uphungu umene Yetero anapatsa mkamwini wake Mose ataona kuti aweruza yekha milandu yonse kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Nzeru yake ndi yomweyo. Kuyambira mu 2002, koleji ya Chainama inayamba kutenga makiliniko ofisa odziwa nchito ndi kuwaphunzitsa zaka zina kuti akhale ma medical licentiate, okhoza kucita opaleshoni ya mai wolephera kubereka ndi maopaleshoni ena ofulumira. M'zipatala zambiri za m'madisitirikiti, amene mumuchula kuti adokota ndi mmodzi wa iwowa, ndipo kawiri-kawiri ndiwo akhalitsa kumudzi kuposa madokota.

Pansi peni-peni pali ma Community Health Assistant. Boma linakonza njira imeneyi mu 2010, ndipo gulu loyamba la anthu 307 linatsiriza maphunziro a caka cimodzi ku Ndola mu 2012. Munthu amasankhidwa kucokera m'dera lake lomwelo, aphunzira, n'kubwerera kukagwira nchito pa health post ya kwao ndi kuyendera makomo. Maganizo ake ndi akuti mwana wa pamudzi sathawa kwao, cilankhulo acidziwa, ndipo nyumba ali nayo kale.

Pa kusankha gulu loyambalo panacitika kafukufuku amene ife a mpingo tifunika kumuganizira mofatsa. Akatswiri a zacuma, pakati pao Nava Ashraf ndi Oriana Bandiera, anagwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo kuti m'madisitirikiti 48 muikidwe zikwangwani za mitundu iwiri. M'theka la madisitirikitiwo cikwangwani cinali kuitana anthu ofuna kuthandiza mudzi wao. M'theka lina cinali kunena za mwai wokwera pa nchito, kuti munthu angadzakhale nesi kapena kiliniko ofisa. Ambiri anaopa kuti cikwangwani caciwiri cidzakoka anthu odzikonda. Zotsatira zinali zina. Amene anabwera cifukwa ca mwai wokwera anayendera makomo ambiri ndi 29 peresenti, amai ambiri m'madera ao anaberekera ku cipatala, ndipo ana onyentchera osakwana zaka zisanu anacepa ndi 25 peresenti. Cifukwa cake cinali cakuti cikwangwanico cinakoka acinyamata anzeru amene akanapita kwina, ndipo makomiti osankha anatenga pakati pao amene analinso ndi mtima wothandiza. Nthawi zambiri timalalikira ngati kuti maitanidwe ndi kufuna kupita patsogolo ndi adani. Kafukufuku ameneyu andicititsa kukayikira ulaliki wotero. Cofunika n'cakuti boma lisunge lonjezo la makwerero amenewo, pakuti magulu ena otsatira anadikira nthawi yaitali asanaikidwe pa malipiro a boma.

Za opita kunja ndinena mwacidule, ngakhale kuti pafupifupi mpingo uliwonse wa m'tauni uli ndi mlongo amene atumiza cakhumi kucokera ku Manchester kapena ku Dublin. Mu 2010 maiko anavomerezana pa malamulo a kalembedwe ka anchito a zaumoyo a m'maiko ena, ndipo mu 2023 World Health Organization inaika Zambia pa mndandanda wa maiko 55 ofunika kutetezedwa. Britain itsatira mndandanda umenewo: zipatala zake ndi makampani olemba anthu saloledwa kubwera kuno kudzakopa manesi, koma nesi amene afunsira yekha saletsedwa. Conco khomo ndi lotseka theka cabe. Cimene titaya si ciwerengero cokha. Amene apita kawiri-kawiri ndi odziwa nchito, a ku cipinda ca opaleshoni, a odwala mwakayakaya, aphunzitsi a anzao, ndipo m'malo mwao mulowa wongotsiriza kumene sukulu amene alibe womuonetsa njira. Cenjezo kwa makolo: kuyambira mu Julayi 2025 Britain inatseka njira yolemba anthu a kunja pa nchito yosamalira okalamba, conco wina akakuuzani kuti mulipire ndalama zambiri kuti mwana wanu apeze nchito yotero, fufuzani kawiri musanagulitse ng'ombe.

Caka ca 2025 cinatiphunzitsanso kuti anchito ambiri amene tinali kuwaona m'makiliniki a ma ARV sanali pa malipiro a boma. Boma la America litaimitsa thandizo lake kumayambiriro kwa cakaco, aphungu, olemba za odwala pa kompyuta ndi oyendera odwala m'makomboni ambiri anauzidwa kukhala pa nyumba, ndipo nchito yao inagwera nesi yemwe uja.

Nanga mipingo ili pati? Ili pakati peni-peni. Churches Health Association of Zambia, imene inayamba mu 1970, igwirizanitsa zipatala za Akatolika ndi za ife Aprotestanti, ndipo zambiri zili kumidzi kumene ena safuna kupita: Nyanje ndi Kamoto za Reformed Church in Zambia, St Francis ku Katete ya Anglican ndi Katolika pamodzi, Mwami ya Adventist, Macha ya Brethren in Christ, Chikankata ya Salvation Army, Mbereshi ndi Mwandi za United Church of Zambia, Mukinge ya Evangelical Church in Zambia. Ambiri aganiza kuti anchito a m'zipatala zimenezi alipidwa ndi amishonale. Iyai. Mwa pangano la pakati pa boma ndi mipingo, ambiri a iwo ndi anchito a boma, otumizidwa ndi boma, olipidwa ndi boma. Boma likaleka kulemba, cipatala ca mishoni naco cimauma. Ndipo zingapo mwa zipatala zimenezi zili ndi makoleji a unesi, kutanthauza kuti nafenso tili m'gulu la ophunzitsa acinyamata amene mawa adzasowa kolowera. Pamenepa atsogoleri athu afunika kukambirana moona mtima, kuti ciwerengero ca ophunzira cisakwere cifukwa cabe cakuti ndalama zao zithandiza kuyendetsa cipatala.

Kwa makolo amene mwana wao afuna maphunziro a zaumoyo, fufuzani coyamba ngati kolejiyo ndi yovomerezeka ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia kapena Health Professions Council of Zambia, malinga ndi maphunzirowo. Popanda cimeneco laisensi sadzaipeza. Funsaninso kuti ndi nchito ziti zimene zisowa anthu. Si onse afunika kukhala manesi wamba pamene zipatala zilira azamba ndi ogoneka odwala pa opaleshoni. Ndipo mwana akatumizidwa kumudzi, ife makolo tisakhale oyamba kuthamanga kwa wacibale wa ku ofesi kukamupemphera transifa.

Cinthu cimodzi cili m'manja mwathu ndithu. Ndalama za Constituency Development Fund zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwensi iliyonse mu 2022, ndipo zakhala zikwerabe. Ndalama zimenezi sizilipira nesi, koma zimanga nyumba yake, zikumba mjigo, ziika sola pa cipinda ca amai oyembekezera. Zopempha ziyambira ku Ward Development Committee, kumene akhala anthu amene pa Sabata tikhala nao pa benchi imodzi. Ndaona madera amene anapempha kiliniki yatsopano yokongola koma osapempha nyumba ya anchito, ndipo kilinikiyo yakhala yokhoma miyezi yambiri. Akulu a mpingo ndi magulu a amai apite ku komiti ya zaumoyo ya m'dera lao akafunse mafunso atatu: pa kiliniki yathu pafunika anchito angati pa pepala, alipo angati, ndipo amene alipowo agona kuti. Mayankho ake muwalembe ndi kuwapereka kwa abusa, kuti pa msonkhano wotsatira wa akulu tidzawaike pamodzi ndi kuwatumiza kwa aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo bajeti ya caka camawa isanawerengedwe.